Kodi OS ya immutable ndi yoyenera anthu osadziwa zambiri za kompyuta kunyumba?

Gologolo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, malaputopu ambiri akaunjika amene ali m'makomomu atsala padzuwa, chifukwa Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndipo pa mapurosesa a Intel imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ena akuti yankho ndi OS ina (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) m'malo mwa Windows, Linux ya mtundu wa immutable, kutanthauza yosasinthika, monga Fedora Silverblue, Kinoite, Aeon kapena Endless OS. Akuti imeneyi singaonongeke ngakhale mwiniwake atadinadina paliponse.

Tiyerekeze laputopu ya Core i5 ya m'badwo wa 4, RAM 4 GB, hard disk yozungulira ya 500 GB, batire linafa kalekale. Oigwiritsa ntchito ndi makolo a zaka za m'ma 60. Zawo ndi WhatsApp Web, YouTube, kulemba makalata ndi malipoti a mpingo, ndi kusindikiza pa pulinta ya USB. Intaneti ndi ya hotspot ya foni. Wowathandiza ali kutali, amafikako kawiri kapena katatu pachaka. Immutable ingawayenere, kapena ndi zoseweretsa za akatswiri chabe? Mantha anga ndi kuwaikira chinthu chimene tsiku lodzavuta okonza makompyuta a pafupi adzangochiyang'ana n'kupukusa mutu.

Kadzidzi

A Gologolo, tiyambe ndi dzinalo, chifukwa limasocheretsa. Sikuti palibe chimasintha. Chimene sichisinthidwa ndi gawo la OS lenilenilo pa nthawi imene kompyuta ikugwira ntchito. Pa Silverblue foda ya /usr, momwe muli mapulogalamu onse a sisitimu, ndi yongowerenga, ngakhale root, akaunti ya mphamvu zonse, salembamo. Molembeka ndi mu /etc, momwe muli makonzedwe, ndi mu /var. Mafayilo a munthu nawo ali m'kati mwa /var, pa /var/home. A Fedora eniake kuyambira 2024 akuzitcha Atomic Desktops, ndipo dzina limenelo ndi limene likunena zoona zake.

Phindu lagona pa mmene update imayendera. Pa Linux wamba, pulogalamu yoikira mapulogalamu, apt kapena dnf, imachotsa ndi kuika mafayilo limodzilimodzi pa sisitimu yomwe ikuyenda. Magetsi akazima pakati, mafayilo ena amakhala atsopano, ena akale, ndipo pamafunika munthu wodziwa kulowa pa terminal n'kulemba zinthu ngati `sudo dpkg --configure -a`. Agogo sangachite zimenezo pa foni. Pa Silverblue, pulogalamu ya update yotchedwa rpm-ostree imamanga OS yatsopano pambali, osakhudza yomwe ikuyenda. Mafayilo amene sanasinthe sakoperedwa kawiri, amangolumikizidwa ndi hardlink, choncho disk sidzaza msanga. Ikamaliza kumanga imadikira, ndipo pozimitsa kompyuta m'pamene imalemba mzere watsopano mu bootloader, kapulogalamu koyatsa OS. Magetsi akathima kutsitsa kuli m'kati, poyatsanso mumapeza OS yakale ili phee, ngati palibe chachitika. Kwa laputopu yopanda batire, kudera kozimazima magetsi, ichi chokha n'chachikulu.

China ndi kubwerera m'mbuyo. Sisitimu imasunga makope awiri, latsopano ndi la dzulo lake. Pa mndandanda wa GRUB, bootloader ija, amaoneka ngati ostree:0 ndi ostree:1. Update ikabwera ndi kernel (mtima wa OS) yosagwirizana ndi Wi-Fi kapena sikirini, wothandiza akhoza kunena pa foni kuti: zimitsani, yatsaninso, mndandanda ukapanda kuoneka gwirani Shift, tsikani pa mzere wachiwiri, dinani Enter. Basi, kompyuta yabwerera mmene inalili. Kuti ikhazikike pomwepo pamafunika `rpm-ostree rollback`, koma zimenezo zikhoza kudikira.

Ndipo musaganize kuti ndi nzeru yachilendo. Foni ya Android imene makolowo akugwiritsa ntchito ili ndi gawo la sisitimu longowerenga, ndipo kuyambira Android 7.0 mu 2016 mafoni ambiri amalandira update pa gawo lachiwiri n'kusinthana poyatsanso. macOS inayamba kutseka gawo lake la sisitimu ndi Catalina mu 2019. ChromeOS inabadwa choncho. Steam Deck ya 2022 nayo chimodzimodzi. Anthu mamiliyoni akuyenda nazo osadziwa n'komwe dzina lake.

Amene amavutika ndi immutable si munthu wosadziwa kalikonse ayi. Ameneyo amatsegula browser, amaika pulogalamu kuchokera mu Software, sitolo ya mapulogalamu, sadzaona kusiyana. Wovutika ndi wodziwa pang'ono, uja amakopera malamulo pa intaneti. Alemba `sudo dnf install`, ikukana. Alemba `sudo make install`, ikukana. Kenako akuti kompyuta yafa. Ndiye funso lenileni ndi ili: kodi zonse zimene makolowo akufuna zili mu browser ndi pa Flathub, malo a pa intaneti otsitsako mapulogalamu, ndipo zipangizo zawo zimagwira popanda kuonjezera driver? Ngati ndi choncho, ine ndikuti iwayenera kuposa Linux wamba.

Fulu

A Kadzidzi afotokoza bwino mmene imagwirira, koma mtengo wake sanautchule. Uli pawiri: data ndi madriver.

Ya data poyamba. Mapulogalamu pa immutable amabwera ngati Flatpak, ndipo Flatpak iliyonse imakhala pamwamba pa runtime, mulu wa mafayilo umene mapulogalamu angapo amagawana. Zazikulu ndi zitatu: org.freedesktop.Platform, org.gnome.Platform ndi org.kde.Platform, iliyonse ma MB mazana angapo. Mukafuna kapulogalamu kakang'ono kamene kamadalira ya KDE pa kompyuta ya GNOME, desktop imene imabwera ndi Silverblue, katsitsa kaye runtime yonse. Ya freedesktop imatuluka yatsopano Ogasiti aliyense, ya GNOME mu Malichi ndi mu Seputembala, ndipo mapulogalamu sasamukira tsiku limodzi, choncho nthawi zambiri pa disk pamakhala ziwiri kapena zitatu. Zotsalira zimachoka ndi `flatpak uninstall --unused`. Onjezani apo kuti Fedora ndi yothamanga, kernel imasintha pafupipafupi. Za Universal Blue, zomangidwa pamwamba pa Fedora, monga Bluefin, Aurora ndi Bazzite, n'zabwino chifukwa madriver ndi ma codec omasulira mavidiyo ndi mawu amabwera ali momwemo, koma zimatsitsidwa ngati container image, zimadzipangira update zokha, ndipo update imodzi ikhoza kudutsa 1 GB. Pa hotspot ya foni, bundle ya mwezi itha makolo asanaone vidiyo n'imodzi yomwe.

Chotchingira chilipo. Mu Settings, pa Wi-Fi, dinani kagiya ka netiweki imeneyo n'kuchonga pa Metered connection, kapena `nmcli connection modify DZINA connection.metered yes`. GNOME Software ikaona chizindikiro chimenecho sitsitsa yokha. Hotspot ya Android imadziulula yokha kuti ndi ya data yolipira ndipo NetworkManager imamva, koma ka MiFi kapena rauta sikachita zimenezo nthawi zonse, chongani ndi manja. Vuto n'lakuti kompyuta imene moyo wake wonse ili pa metered silandiranso update, ndiye browser imakalamba, ndipo browser yakale ndiyo khomo la akuba. Pafunika tsiku limodzi pamwezi loti wina atsegule Software n'kudina Download, atagula data yokwanira. Wina ameneyo ndani?

Tsopano madriver. Malaputopu ambiri a zaka zimenezo ali ndi Wi-Fi ya Broadcom, imene imafuna driver yotchedwa wl. Pa Linux Mint mumatsegula Driver Manager, kudina kawiri, zatha. Pa Silverblue DKMS, njira wamba yomangira madriver otere, sigwira, muyenera kuonjezera RPM Fusion, nkhokwe ya mapulogalamu osapezeka mu Fedora, kenako `rpm-ostree install akmod-wl`, kuzimitsa n'kuyatsanso, ndipo ngati Secure Boot ili yoyaka pali nkhani ina ya kusaina module ndi kulembetsa kiyi. Khadi ya zithunzi ya NVIDIA njira yake ndi yomweyo. Phukusi lililonse loikidwa motere limamangidwanso pamwamba pa OS pa update iliyonse. Pa hard disk yozungulira ndi RAM ya 4 GB, mukhoza kuphika nsima n'kudya isanamalize.

Pulinta ndiye penipeni pogwera. Zatsopano zodziwa IPP Everywhere kapena AirPrint sizifuna driver, CUPS, pulogalamu yosindikizira ya Linux, imaziona yokha. Koma zimene zadzaza m'maofesi a mipingo ndi m'masukulu ndi zakale zosafa zija. HP LaserJet 1020 ilibe firmware (pulogalamu ya m'kati mwa pulinta) yokhalitsa, kompyuta imayenera kuitumizira nthawi iliyonse pulinta ikayatsidwa. Firmware imeneyo imabwera ndi hp-plugin, imene imafuna kulemba mu /usr/share/hplip, malo amene pa Silverblue ndi otseka. Canon LBP2900 imalankhula chinenero chakechake chotchedwa CAPT, ndipo driver yake ndi yovuta ngakhale pa Linux wamba. Njira zozembera zilipo, koma mukayamba kuzemba mwataya kale chimene munafunira immutable.

Kanthu kena ka YouTube, kosakhudza immutable koma kokhudza laputopuyo: GPU (gawo losamalira zithunzi) ya Intel ya m'badwo wa 4 imamasula mavidiyo a mtundu wa H.264, a VP9 ayi. YouTube imatumiza VP9 kapena AV1, ndiye purosesa imasenza yokha, fani n'kumalira. Ikani vidiyo pa 480p, kapena ikani mu browser extension ya h264ify, yokakamiza YouTube kutumiza H.264. Data nayo ipuma.

Nkhwazi

Ndionjezepo chimene anthu amalakwitsa kwambiri. Rollback imabweza OS, sibweza mafayilo. Mayi akafufuta foda ya malipoti a mvano, ostree:1 siwathandiza, chifukwa /var/home ndi imodzi yomweyo pa makope onse. Hard disk ikafa, makope onse awiri afera limodzi. Ngakhale ma Flatpak sabwerera ndi rollback. LibreOffice yatsopano ikavuta, pamafunika `flatpak remote-info --log flathub org.libreoffice.LibreOffice` kuti muone makope akale, kenako `sudo flatpak update --commit=` ndi nambala ya kope lomwe mukufuna, ndi `flatpak mask` kuti isadzikwezenso. Si ntchito ya agogo imeneyo.

Za chitetezo nazo tisakokomeze. Ma virus a pa flash aja obisa mafoda n'kusiya ma shortcut sagwira pa Linux iliyonse, immutable kapena ayi. Koma uthenga wa WhatsApp wonena kuti mwawina, tumizani PIN, umagwira paliponse. Extension yoipa ya browser imakhala mu foda ya munthu, siifuna /usr.

Kwa ine Linux Mint isachotsedwe pa mpikisano. Mint 22 yakhazikika pa Ubuntu 24.04 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Fedora imatulutsa kope latsopano miyezi 6 iliyonse, ndipo lililonse limasamalidwa miyezi pafupifupi 13, kutanthauza kuti chaka chisanathe wina ayenera kuwasamutsa. Mint ili ndi Timeshift, imene imajambula sisitimu mmene ilili. Kusiyana kwake n'kwakuti kompyuta ikakana kuyaka mumafunika flash ya Mint kuti mubwezeretse, pamene pa Silverblue kope lakale lili kale pa mndandanda woyatsira. Apo a Kadzidzi apambana, sindikana.

ChromeOS Flex, yomwe Google inatulutsa mu 2022, ndiyo yosavuta kuposa zonse. Imafuna RAM 4 GB ndi malo 16 GB, ndipo pa laputopu yakale imathamanga. Koma ilibe Play Store, imafuna akaunti ya Google, pafupifupi zonse zimadalira intaneti, ndipo pulinta yakale ya USB ikakana mulibe poikira driver. Endless OS inapangidwira dala malo a intaneti yovuta, kope lake lalikulu limabwera ndi zowerenga zambiri zosafuna netiweki. Pansi pa Endless OS 6 pali Debian ndi OSTree, koma apt yoikira mapukusi mulibe, ndiye chipangizo chikakana, chakana.

Gologolo

Zikomo nonse, ndaphunzira. Wi-Fi si vuto, `lspci` ikuonetsa Intel Wireless 7260, ndipo NVIDIA mulibe. Pulinta ndi ya HP koma nambala yake sinadziwike. A Kadzidzi, pali njira yoyesera zonsezi tisanafufute Windows? Ndipo zikatheka, tiikonze bwanji kuti ithe miyezi isanu popanda woigwira?

Kadzidzi

Ilipo achimwene, koma samalani: fayilo ya ISO ya Silverblue, imene mumatsitsa n'kulemba pa flash, ndi yoikira basi, siyatsa desktop yoyesera. Tsitsani Fedora Workstation ya nambala yomweyo, ilembeni pa flash ya 8 GB ndi Fedora Media Writer, yatsirani pa flash osaika chilichonse. Kernel ndi madriver ake n'zofanana ndi za Silverblue. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera, mabatani a kuwala kwa sikirini, kutseka chivundikiro n'kutsegulanso. Kenako lumikizani pulinta, iyatseni, sindikizani test page. Pepala likatuluka musanaonjezere kanthu, njira ya Silverblue yatseguka. Ikapempha plugin, kapena ntchito ikangokhala pa mzere pepala osatuluka, musalimbane nazo, ikani Mint, pangani `hp-plugin -i` kamodzi, nkhani yatha. Pamenepa ndikugwirizana ndi a Fulu.

Musanaike chilichonse, sinthani hard disk. SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 240 GB, ikwana. Ndiyo imasintha kwambiri liwiro, ndipo rpm-ostree ndi Flatpak zimalemba timafayilo tambirimbiri timene disk yozungulira imatopa nato. Ubwino wina, disk yakale ya Windows imatsala yosakhudzidwa, muiike mu kabokosi ka USB n'kukoperamo zithunzi ndi makalata. RAM ikwezeni ifike 8 GB. Malaputopu a m'badwo umenewo amafuna DDR3L ya 1.35 V, osati DDR3 wamba ya 1.5 V, imene ena amakana kuyaka nayo. GNOME ndi browser ya matabu asanu pa 4 GB zimatheka koma mokokera. Zoika Windows ndi Silverblue pa disk imodzi zisiyeni, perekani disk yonse.

Poyatsa koyamba idzafunsa za Third-Party Repositories. Vomerani, ndi m'mene Flathub imalowera. Mu Software mapulogalamu ena amaoneka kawiri, la Fedora ndi la Flathub, ndipo posankhira pali pansi pa batani la Install. Pa browser ndi pa zoonera mavidiyo sankhani Flathub, chifukwa Fedora siika ma codec ena okhala ndi patent, ndipo mavidiyo a pa WhatsApp ndi H.264. Firefox ya Flathub, VLC ndi LibreOffice zikwanira. Musachulutse, kumbukirani ma runtime aja. Makalata a Word kuti asasokonekere mizere, onetsetsani kuti muli mafonti a Liberation, olowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman, ndi Carlito, wolowa m'malo mwa Calibri. Osoweka muwaponye mu ~/.local/share/fonts, palibe chifukwa chokhudzira sisitimu. Mu LibreOffice sinthani kuti izisunga ngati .docx, ndipo pa Tools, Options, Load/Save, General tsitsani nthawi ya AutoRecovery ifike mphindi 2 kapena 3. Immutable siteteza kalata yosasungidwa magetsi akazima. Batire latsopano kapena ka UPS kakang'ono ndiye mankhwala ake.

Maakaunti akhale awiri. Ya Administrator ndi ya wothandiza, pasiwedi yake asaisiye pa pepala pafupi. Ya makolo ikhale Standard. Kuyambira Fedora 41 akaunti wamba imatha kupanga update ya sisitimu popanda pasiwedi ya admin, ndipo ma Flatpak oikidwa kale nawonso amakwezeka, choncho tsiku la pamwezi limene a Fulu atchula makolowo akhoza kulikwanitsa okha: Software, Updates, Download, kenako Restart. Alembereni mizere inayi imeneyo pa pepala, ndi ina ya Shift ndi mzere wachiwiri, mumate pa khoma pafupi ndi tebulo.

Zonse zikagwira, pulinta yasindikiza, mawu akumveka, lembani `sudo ostree admin pin 0`. Kope limenelo lakhomedwa, silifufutidwa ngakhale atapanga ma update khumi. Kufunika kwake n'uku: makope osungidwa ndi awiri okha, ndiye vuto likabwera ndi update ya Meyi koma osaliona mpaka atapanganso ya Juni, onse awiri amakhala odwala. Lokhomedwalo ndi pothawira. Onaninso `rpm-ostree status`. Pa mzere wa LayeredPackages pasakhale kanthu, kapena chimodzi chokha chosapeweka.

Backup: Déjà Dup kapena Pika Backup, pa flash yaikulu kapena pa hard disk yakale ija mutaifufuta, kamodzi pa sabata. Zothandiza muli kutali, Remote Desktop ya GNOME siifika pa hotspot ya foni, chifukwa makampani a mafoni amabisa makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi. RustDesk, yomwe ili pa Flathub, imadutsa pa seva yapakati ndipo imafika. Pa Wayland, njira imene GNOME imaonetsera zinthu pa sikirini, pamatuluka kabokosi kopempha chilolezo choonetsa sikirini, ndiye muwaonetse pamaso kuti adine Share, osati kudzawafotokozera pa foni tsiku la vuto.

Fulu

Ziwiri zoonjezera pa zimenezo. Khomani kope limodzi lokha. Pa makompyuta oikidwa ndi makope akale a Fedora gawo la /boot, momwe mumakhala kernel, ndi 1 GB, ndipo kope lililonse lokhala ndi kernel yosiyana limadyapo malo ake. Mukakhoma atatu kapena anayi, /boot idzaza, update iyamba kukana, ndipo Software imangoonetsa uthenga wosamveka. Ulendo wotsatira masulani lakale ndi `sudo ostree admin pin --unpin` ndi nambala yake, khomani latsopano.

Chachiwiri, maulendo awiri a pachaka aja agwirizane ndi kalendala ya Fedora. Makope atsopano amatuluka cha mu Epulo ndi cha mu Okutobala, ndipo lakale limafa patapita mwezi umodzi kope lachiwiri pambuyo pake litatuluka. Pitani mu Juni ndi mu Disembala, zilema zoyamba zitakonzedwa, musamutse muli pomwepo ndipo muyese pulinta musanakwere basi. Ngati munaikamo RPM Fusion pogwiritsa ntchito ulalo wa fayilo ya .rpm, phukusi limenelo ndi lomangirira ku nambala ya Fedora imene munaikirapo, ndipo lidzatsekereza kusamuka. Limasuleni tsiku lomwelo loika, mutayatsanso kompyuta: `rpm-ostree update --uninstall rpmfusion-free-release --uninstall rpmfusion-nonfree-release --install rpmfusion-free-release --install rpmfusion-nonfree-release`.